A Gireda ndi Chumuni cha Fakitale ya Thonje

Dera limene a Gireda anagwirako ntchito ndi lathyathyathya ngati thebulo. Kulibe phiri, kulibe ngakhale chitunda choti munthu n'kukwerapo kuti aone kumene akupita. Ukaima pakhomo m'mawa, munthu wobwera pa njinga umayamba kumuona akadali kadontho, ndipo ukhoza kulowa m'nyumba, kusamba, kuvala, n'kutuluka iye asanafike. Anthu akumeneko akamalozerana njira amati, "Mukapitirira thanki ya sitima, muziyenda choloza chumuni. Mukafika pokhota, mpope wamphepo uzikhala kumanzere kwanu." Mlendo akafunsa kuti chumunicho chinali cha chiyani, ambiri amangoti kaya.

A Gireda ankadziwa. Dzina lawo lenileni linkapezeka pa chiphaso cha kuntchito pokha, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anayendetsa gireda ya boma yosalaza misewu yafumbi ya deralo, mpaka makinawo ndi iwo anasanduka dzina limodzi. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawatchula choncho.

Gireda sithamanga. Ikatsitsa mpeni wake pansi, munthu woyenda wapansi amatha kuipitirira n'kuisiya kumbuyo. Choncho a Gireda anaiona misewu yonse ya deralo mwakachetechete, phazi ndi phazi, chaka ndi chaka. Mvula ikatha ankayambira kumalire a kum'mawa, kukwirira zigwembe zimene ngolo zinasiya, kutsegula ngalande, kukweza pakati pa msewu kuti madzi azitsetserekera m'mbali. Pofika kumalire a kumadzulo mitambo inali itayambanso kusonkhana.

Masana ankazimitsa injini n'kukhala pamthunzi wa makinawo, pakuti mitengo kumeneko ndi yowerengeka. Anthu a pafupi ankabwera ndi madzi akumwa, ena kudzangocheza. Okalamba ndiwo ankakhalitsa. Munthu wachikulire akapeza woti amumvetsere safuna kunyamuka, ndipo a Gireda sankafulumira. Sukulu analekezera panjira, kulemba kunkawavuta, koma chimene amva sichinkatuluka m'mutu. Anamva kuti thanki yachitsulo ija inkamwetsa sitima za malasha, njanji isanazulidwe. Anamva kuti dziwe limene ng'ombe zimamwako silinali lachilengedwe, koma nkhuti imene anthu anakumbamo dothi loumbira njerwa za fakitale ya thonje. Mayi wina wosaona, amene ankasoka mabelo m'fakitaleyo ali mtsikana, anawauza kuti omanga chumuni anali anthu asanu ndi anayi, ndipo anawatchula onse mmodzimmodzi, ndi midzi yawo yomwe. Fakitaleyo inapsa kalekale, makoma ake anthu anagumula n'kukamangira makola, koma chumuni chinatsala chili njo pakati pa udzu.

Chaka cha madzi osefukira a Gireda anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pantchito. Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osalekeza, mtsinje unadzaza n'kutayikira m'chidikha monse. Kutsidya kunali chipatala chaching'ono kumene anthu othawa madzi anasonkhana, ndipo kunabuka matenda otsekula m'mimba. Tsiku lachisanu ndi chiwiri m'mawa, namwino wamkulu wa boma anafika pamalo osungira makina a misewu atavala jombo, lole yodzaza mankhwala ili pambuyo pake.

"Woyendetsa lole akukana," anatero namwinoyo. "Akuti msewu sukuoneka."

"Sakunama," a Gireda anayankha. "Madzi ali m'mawondo, ndipo mbali zonse ziwiri kuli ngalande zoti lole ikhoza kugonamo chammbali. Ndinakumba ndine."

"Ndiye ana aja tingowasiya?"

A Gireda anayang'ana kumadzulo. Madzi anali mbee mpaka kumene thambo limathera, koma chumuni chinkaoneka, chaching'ono ngati chala. Iwo ankadziwa kuti kuchokera pa thanki ya sitima, msewu umaloza chumunicho osapotoka, mpaka pokhota paja.

"Uzani dalaivala wanu azitsata kumbuyo kwanga," anatero. "Matayala ake aziponda pamene anga aponda. Ndikaima, aime. Asayang'ane madzi, aziyang'ana ine."

Anayenda choncho maola asanu. A Gireda anaika chumuni pakati penipeni pa galasi la kutsogolo, chikasunthira kumanja pang'ono, iwo n'kuwongola. Atafika pafupi nacho anadikira mpaka mpope wamphepo utabisala kuseri kwa mitengo itatu ya bulugama, ndiye anakhota. Anafika pachipatala dzuwa litapendeka. Namwino anatsika lole, nawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Akuluakulu a kuntchito anawadzudzula chifukwa chotulutsa makina popanda chilolezo, kenaka patatha mwezi akuluakulu omwewo anawatumizira kalata yowayamikira. Akazi awo anasunga makalata onse awiri m'chikwama chimodzi.

Atapuma pantchito anakhazikika pakhomo pawo kumapeto kwa tauni yaing'ono ya deralo, nayamba kulima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Mizere yawo inali yowongoka kuposa ya wina aliyense, ndipo ngalande ya m'mundamo inali yoti akazi awo ankaiseka. "Bambo, awa ndi matimati, si basi ayi. Sadutsapo munthu."

Chaka chachinayi atapuma, kunamveka kuti msewu waukulu wodutsa m'chidikha authira phula. A Gireda anakondwa, chifukwa ankadziwa mmene msewuwo unkazunzira anthu nthawi ya dzinja. Koma tsiku lina mphwawo, amene amagula ng'ombe m'midzi, anabwera ndi nkhani ina.

"Achimwene, mwaona zikhomo zofiira akhoma zija? Pokhota paja akuwongola. Mzere wawo ukudutsa pa chumuni penipeni. Akuti achigwetsa mwezi wamawa."

A Gireda anapitiriza ntchito yawo m'munda. Anamaliza kuthirira mzere umene anauyamba, natsuka manja, n'kukakhala pakhonde. Madzulo amenewo anadya pang'ono.

"Pitani mukawauze," anatero akazi awo.

"Ndikauze ndani? Anthu aja ali ndi makina oyezera, ali ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Ine ndikafike ndi chiyani, chipewa changachi?"

"Ndiye muzingokhala apa mukuusa moyo ngati ketulo?"

Sanapite. Patapita masiku atatu, galimoto yoyera inaima pageti, ndipo munatuluka mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, atavala chisoti cholimba ndi nsapato zazikulu, mapu atawapinda kukhwapa. Anaodira, napereka moni mwaulemu, nanena kuti iye ndi injiniya woyang'anira ntchito ya msewuwo.

"Ndakhala ndikufunsa m'midzi za madzi, kuti amadutsa pati mvula ikachuluka," anatero atakhala pampando. "Aliyense akungondiuza kuti, 'Kafunseni a Gireda.' Ndinayamba kuganiza kuti ndi ofesi."

"Ofesi yake ndi khonde lomweli," anatero akazi awo akubweretsa madzi akumwa. "Imatsegulidwa tsiku lililonse, koma makasitomala kulibe."

Injiniya anaseka, natambasula mapu pa thebulo. A Gireda anawayang'ana nthawi yaitali. Mizere yake inali yokongola, koma sanathe kuzindikira chilichonse.

"Mayi, papepala ine ndisochera," anatero. "Ngati muli ndi mafuta m'galimoto, tiyeni tikaone pansi penipeni."

Anayenda limodzi masiku awiri. A Gireda anakhala kutsogolo, ndodo ili pakati pa miyendo, akumuuza dalaivala kuti achepetse liwiro mpaka munthuyo anayamba kung'ung'udza. Anamusonyeza injiniya pamene madzi amadumpha msewu chaka chilichonse, ngakhale pamaoneka pouma. Anamusonyeza pamene kalavati imodzi yodutsitsa madzi pansi pa msewu sikwana, pofunika ziwiri. Pa mlatho wakale wachitsulo anamutsitsa kuti aone mzere umene madzi a chaka chija anasiya pa mzati, pamwamba pa mutu wa munthu. Injiniya ankalemba zonse m'kabuku, nthawi zina kufunsa kawiri, nthawi zina kutsutsa. Pa malo ena anati manambala ake akusonyeza zosiyana, ndipo a Gireda atayang'anitsitsa anavomera kuti mtsinje unasintha njira iwo atachoka kale pantchito. Zimenezo zinawasangalatsa. Anaona kuti mayiyu sanabwere kudzangowasangalatsa ngati nkhalamba.

Tsiku lachiwiri masana anafika pokhota. Zikhomo zofiira zinkachoka pamsewu wakale, kudutsa pa udzu wobiriwira, n'kukagunda pa tsinde la chumuni.

"Apa ndiye sindikumvetsa," anatero injiniya. "Dziko lonseli ndi losalala, palibe mwala, palibe mudzi. Anthu akale anakhotetseranji msewu? Tikawongola tifupikitsa ulendo, ndipo ngozi zichepa."

"Funso limenelo ndinafunsapo inenso," anatero a Gireda. "Amene anandiphunzitsa gireda tinkawatchula kuti a Chipewa. Tsiku loyamba kufika nawo pano anandiuza kuti, 'Apa usadzawongole.' Nditafunsa chifukwa, anati nawonso anangouzidwa choncho. Iwo atapuma, chaka changa chachitatu, ndinadziona kuti ndakula. Ndinati nkhalamba zija zinkangoopa zinthu zopanda pake. Ndinatsitsa mpeni n'kulunjika pomwe pali zikhomo zanuzi."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Sindinayende ngakhale mikono makumi awiri. Gireda inatitimira mpaka m'mimba. Munali mwezi wotentha, mayi, fumbi lili koboo paliponse. Anaikoka ndi mathirakitala awiri ndi ng'ombe khumi ndi ziwiri, masiku awiri athunthu. Midzi itatu inabwera kudzaonerera, ena ananyamula ndi mipando yomwe."

Dalaivala anaseka mpaka kutsamira pa galimoto.

"Tili mkati mokoka," a Gireda anapitiriza, "agogo ena anandiyandikira n'kunena kuti, 'Mukanafunsa.' Anandiuza kuti pamenepa panali chitsime chachikulu cha kasupe. Fakitale anaimanga pano chifukwa cha madzi amenewo. Itapsa, ng'ombe ya munthu inagweramo, ndiye anthu anakwirira ndi zinyalala ndi dothi. Pamwamba pamauma, koma pansi kasupe akadali moyo. Onani udzuwu. Kwina konse wafiira, pano pokha wabiriwira."

Injiniya anayang'ana udzuwo, nayang'ana mapu ake. "Tinaboola pansi kuyeza dothi," anatero. "Koma tinaboola uko ndi uko, pano tinadumphapo."

A Gireda anapempha chitsulo chachitali chimene chinali kumbuyo kwa galimoto. Anayenda mapazi angapo kuchoka pamsewu, nachizika pansi, nachitsamira. Poyamba chinalimba, kenaka chinangolowa chokha ngati m'phala, mpaka dzanja lawo linagunda udzu. Atachizula chinali ndi matope akuda, akudontha madzi.

Injiniya anagwira matopewo ndi zala, nawanunkhiza.

"Phula likanakhala pano chaka chimodzi chokha," anatero motsitsa mawu. "Kenaka anthu akanati injiniya wake anali wamkazi, n'chifukwa chake."

"Ine ananditcha mwana wopanda makutu," anatero a Gireda. "Mpaka lero kuli midzi imene amandikumbutsa."

Anakakhala pamthunzi wa chumuni kuti adye zimene ananyamula. Pafupi chinali chachikulu kuposa mmene chimaonekera patali, njerwa zake zofiira mwakuda, zolumikizana bwino moti mpeni sungalowe pakati. Injiniya anachimenya ndi chikhatho.

"Ngakhale tisunge pokhota, akuluakulu anga akufuna ichi chichoke," anatero. "Akuti chidzagwera anthu. Inu mukuti bwanji, bambo?"

A Gireda anayamba ndi kumuuza za namwino ndi lole ya mankhwala, mmene anayendera pamadzi maola asanu akuyang'ana chumunicho. Kenaka anati, "Ngati chili chowola, chigwetseni, ine sindingakonde njerwa kuposa anthu. Koma chiyezeni kaye monga mwayezera dothi. Kuno kulibe china choti munthu n'kuyang'ana akasochera. Abusa a ng'ombe amabwerera kwawo pochiyang'ana. Ana athu amene ali kutali, akamabwera pa basi, amadziwa kuti afika akachiona. Ndipo amene anachimanga anali anthu akuno, asanu ndi anayi." Anawatchula onse, ndi midzi yawo, monga anamvera kwa mayi wosaona uja.

Injiniya anatulutsanso kabuku kake. "Bwerezani pang'onopang'ono," anatero.

Nkhaniyo sinathe tsiku limenelo. Panatenga miyezi iwiri, ndipo mphwawo ankabwera Loweruka lililonse ndi mphekesera zatsopano, lero akuti achigwetsa, mawa akuti achisiya. Kunabwera anthu ena ndi makwerero aatali, anakwera, anagogoda, anajambula. Anapeza kuti mizere isanu ya njerwa zapamwamba inali yogwedera, koma kwina konse kunali kolimba. Anachotsa zogwederazo, namanga lamba wachitsulo pamwamba. Zikhomo zofiira zinazulidwa n'kukhomedwa motsata msewu wakale, kungokulitsa pokhota kuti magalimoto azikhota bwino.

Injiniya anabweranso kunyumba kwawo ntchito itatsala pang'ono kutha. Anabweretsa pepala, nawapempha kuti mwana wawo wamkazi, amene ndi mphunzitsi, awawerengere. Anali mawu oti alembedwe pa chikwangwani chachitsulo patsinde pa chumuni: chaka chimene fakitale inamangidwa, chaka chimene inapsa, nkhani ya chitsime, ndi maina asanu ndi anayi aja. Pansi pake panali mzere wonena kuti mbiriyi inasungidwa ndi a Gireda, woyendetsa gireda wa deralo.

"Mzere wapansiwo muchotse," anatero a Gireda. "Ine ndinangomva. Mulembepo mayi wosoka mabelo uja, ndi agogo anandiuza za chitsime."

"Maina awo mukuwadziwa?" anafunsa injiniya.

A Gireda anaganiza, nachita manyazi. La mayi wosaona ankalidziwa. La agogo a chitsime sanafunse n'komwe, chifukwa tsiku limenelo mutu wawo unali pa gireda yotitimira. Mwana wawo anati akafunsa kusukulu, pakuti ana a m'midzi itatu ija amaphunzira kwa iye. Patatha sabata mtsikana wina anabwera ndi dzinalo atalemba pa chikuto cha kope. Anali agogo a amayi ake, ndipo kwawo nkhani ya gireda yotitimira ankaikambabe akafuna kuseka.

Dzina la a Gireda injiniya anakana kulichotsa. Anangolisunthira pansi pa enawo.

Msewu utatsegulidwa, akazi awo ananena kuti akufuna kukauona. A Gireda anadabwa pozindikira kuti mayiwa, pa zaka zonse zija, anali asanafikepo kumalire a kumadzulo. Ankadziwa maina a malo onse chifukwa chowamva patebulo, koma ndi maso anali asanawaone. Lachiwiri m'mawa anavala zovala zawo zabwino, nakwera basi yoyamba, nakhala mpando wa kutsogolo.

Basi inathamanga moti a Gireda ankalephera kumaliza chiganizo. Akati, "Apa ndi pamene," malowo anali atatsala kale kumbuyo. Ulendo wa pamsewu waukulu wokhawo umene unkawatengera milungu itatu ndi mpeni pansi unatha tiyi wa m'fulasiki asanazizire.

"Anthu azidutsa osaona kanthu," anadandaula.

"Azifika kuchipatala ali moyo," anatero akazi awo. "Zoona aziona pobwerera."

Pobwerera anapempha kondakitala kuti awatsitse pokhota. Panali kale amayi awiri akugulitsa nthochi pamthunzi wa chumuni, ndi bambo wina wa njinga amene ankawerenga chikwangwani mokweza, chala chili pa zilembo. Atafika pa dzina lachisanu anaima, nabwereza.

"Awa ndi agogo anga aamuna," anauza amayi a nthochi aja. "Kunyumba ankanena kuti anali mmisiri, koma sindinkadziwa kuti ndi ichi."

A Gireda anafuna kulankhula, koma akazi awo anawagwira mkono kuti amusiye munthuyo amalize kuwerenga. A Gireda anavula chipewa, naima pambali. Mumtima ankathokoza anthu ambiri nthawi imodzi: a Chipewa amene anawachenjeza ngakhale sankadziwa chifukwa, okalamba onse amene anakhala nawo pamthunzi wa makina, ndi mayi uja amene anali ndi mapu ndi makina oyezera koma anaima pageti pawo n'kuodira.

Bambo wa njinga atamaliza anatulutsa foni, najambula chikwangwanicho, nati atumizira alongo ake. Kenaka anatembenukira kwa a Gireda.

"Bambo, inu ndinu akuno? Chitsime akunenachi chinali pati?"

"Tsamiritsani njingayo apo," anatero a Gireda. "Si patali. Koma muziponda pamene ndikupondapo."

Akazi awo anagula nthochi zinayi, nakhala pa benchi ya amayi aja, nafunsa kuti basi ina idutsa nthawi yanji. Atauzidwa kuti pakatha ola limodzi, anapukusa mutu.

"Sitikwera imeneyo," anatero. "Mundiuze ya pambuyo pake."